Matepi a ku Nsanama: Mbiri ya Malemu Saulos Akimu

Chilape! Musandiyang'ane ngati ndapenga, anamfedwa, yankhani kuti nachize. Kanthu kanga aka: ndikapatsa mnzanga konse, ine ndimatsalanso nako konse. Amene mukuti moto mwayesetsa, koma iyayi. Imeneyo inali ntchito ya malemu, ndipo muimva. Ine ndine Bernadetta, azakhali awo, mlongo wa bambo awo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndiye pamene pakhote muwongole mumtima.

Malemu a Saulos Akimu anabadwa pa 14 Juni 1974 ku Chikweo, m'boma la Machinga, ali achiwiri m'banja la ana asanu. Khalidwe lawo linaoneka akadali ndi mamina. Mukawapatsa chinangwa chootcha ankachidula pawiri, china m'thumba, china kutsindwi, ati mwina galu angabwere.

Mu 1981 anayamba pulayimale konko ku Chikweo. Sekondale anaphunzira kuno ku Balaka, ndipo mu 1995 anapita ku Blantyre kukaphunzira za makompyuta. Ife kumudzi tinkangouza anthu kuti akuphunzira taipi.

Pa 18 Ogasiti 2001 anamanga ukwati woyera ndi mayi Dailesi a ku Ulongwe. Ndinavina mpaka nsapato inaduka, mboni zilipo.

Mu 2007 analembedwa ntchito pachipatala china cha mishoni kuno ku Balaka. Kumeneko kuli chipinda chozizira ngati m'mawa wa Juni, mmene muli chimakina chachikulu chotchedwa seva. M'mimba mwake mumakhala mbiri ya wodwala aliyense: dzina, matenda, ndi mankhwala amene amamwa. Ntchito ya malemu inali kukopera zonsezo pa matepi, onga aja tinkamvera nyimbo koma onenepa. Seva ikapereka zonse ku tepi, imatsalanso nazo zonse. Iwo ankati bakapu. Mwezi uliwonse ankatenganso tepi yakale n'kubwezera za m'katimo mu makina kuti aone ngati zili moyo, monga mlimi amafesa timbewu m'chitini mvula isanagwe. Ankakonda kunena kuti tepi yosayesa ili ngati mbewu yofumbwa, umaidziwira kumunda.

Tsono Lachisanu lililonse ankanyamuka ndi kabokosi, ulendo wa ku Nsanama, atavala malaya ositasita. Mayi Dailesi anayamba kuonda, poganiza kuti kumeneko kuli mkazi wina. Ine ndinati apongozi, khalani pansi, nkhondoyi ndi yanga. Ndinamanga chitenje, n'kukwera minibasi ya pambuyo pawo, manja akundiyabwa kale. Ndinamupezadi mkazi wachiwiriyo, pakachipatala kawo kena ka ku Nsanama: kabati yachitsulo yosungiramo matepi, yonenepa kuposa ine, yosadziwa ngakhale moni. Malemu anaseka mpaka kukhala pansi. Anati azakhali, mbewu yonse simusunga m'nyumba imodzi, nanga ikapsa?

Mu Okutobala 2024 anayamba kudwala impso. Pa 21 Januwale 2025 anagonekedwa pachipatala chomwe ankagwira ntchitocho, ine ndili wowadikirira. Mawa lake masana kunagwa mvula yoopsa, ndipo mphenzi inatentha chipinda cha seva pamodzi ndi matepi amene anali momwemo. Anamwino anasowa pogwira. Agogo a shuga akuti ndimamwa tating'ono toyera, a BP akutinso tating'ono toyera, ndiye mupereke ati? Mabwana ena atsopano anayamba kulankhula m'makhonde kuti matepi a ku Nsanama ndi zinyalala zakale, sangawerengeke, a Saulos zaka zonsezi ankangopita kukadya matemba. Mawuwo anawapeza pabedi. Ndinaona misozi, koma sinali ya ululu. Anati azakhali, sindikufuna kupita anthu akunena kuti ndinataya odwala.

Apa ndiye mvetserani, chifukwa ndinalipo! Mnzawo wa pantchito, mayi Sumaiya Latifu, anakwera njinga yamoto, msewu wa Liwonde uli madzi okhaokha, n'kubwera ndi kabokosi atakakulunga m'mapepala apulasitiki. Seva ina yobwereka inafika kuchokera ku Blantyre. Malemu sankatha kudzuka, ndiye foni ndinkawagwirira ine kukhutu, iwo akulangiza mayi Sumaiya. Tepi yoyamba makina anailavula. Ine thukuta kamukamu, Tikuoneni Mariya akungosokonekera pakamwa. Malemu osatekeseka, anati ayambe alowetsa tepi yotsuka, makina obwerekawo ali ndi fumbi. Atabwereza, tinamva mayi Sumaiya akukuwa mufoni. Mayina anayamba kutuluka ngati ngumbi mvula itagwa! A sabata yatha, a chaka chatha, onse!

Koma malemu sanakhutire. Anati za kale kwambiri ndi zimene zimavuta, afufuze dzina la Bernadetta. Linatuluka! Dzino langa limene anandizula mu 2010, lakumanzere m'munsi, ndi mawu akuti wodwalayu analuma adokotala. Zimenezo sizinafunike kusungidwa, koma basi. Ndinaimba nthungululu m'wodi mpaka anamwino anandikankhira panja. Tsiku lomwelo odwala analandira mankhwala awo enieni, ndipo mabwana aja anabwera pabedi zipewa zili m'manja. Malemu anapempha phala, n'kumaliza mbale yonse.

Matenda sanawasiye. Pa 2 Epulo 2025 anatisiya, ali ndi zaka 50. Asiya mkazi wawo mayi Dailesi, ana atatu, Lydia, Success ndi Chance, komanso mdzukulu mmodzi. M'malo mwa banja ndikuthokoza abambo mfumu, amayi a mphakati amene aimba osatopa, abale athu achisilamu a ku Chikweo amene agwira khasu limodzi ndi adzukulu, madokotala ndi anamwino, ndi inu mayi Sumaiya. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa. A Saulos, mwana wa achimwene anga, Ambuye akugonekeni pofewa, muuse mumtendere.

Koma watsala mmodzi amene sindinamuthokoze, ndipo ndawonjezera m'mawa uno. Ndi a Willard, msuweni wa malemu, dalaivala wa pachipatala pomwepo, mwana wanga wobala ndekha. Kuyambira dzana akuzungulira m'misasa muno kuuza alendo kuti malemu anali atasokonezeka mutu, ndipo ndi iwo a Willard amene anawoloka madzi ofika m'khosi, bokosi lili pamutu, n'kudzutsa seva ndi manja awo. Dzina limene malemu analilirira pabedi, ine sindilola kuti libedwe pamaliro pawo pomwe.

A Willard tsiku limenelo analipodi. Anali pabedi loyandikana ndi la malemu, akutsegula m'mimba chifukwa cha kanyenya wa pasiteji. Madzi okhawo amene anaona ndi a dripi. Singano itabwera anafuula kuti amayi ndigwireni, bambo wa ndevu zake, ndipo beseni ndinkakataya ndine.

Sekani ndithu, musadzigwire pakamwa, malemu anayamba ndi iwo kuseka tsiku lomwelo. A Willard, tulutsani nkhope m'chipewamo. Bokosi la ku Nsanama linakuphonyani, koma ili pano likufuna mapewa. Imirirani, mugwire kutsogolo.