Mfuti ya Pulasitiki ya a Merv

Sabata yatha a Merv Tuckett anachotsedwa pa mpikisano pa kalabu yathu yowombera mfuti zam'manja kuno kumadzulo kwa Queensland, chifukwa choyenda chala chili pa kachitsulo kowombera. Kuti aloledwe pa mpikisano wa Loweruka anayenera kuyesedwanso ndi mfuti yabuluu ya pulasitiki, ndipo woyesa yekhayo amene analipo, Mulungu atichitire chifundo, anali mkamwini wawo Lachlan.

"Chidole ichi?" anatero a Merv, akuitembenuza. "Ine ndinayamba kuwombera inu musanamere mano."

"Chala, apongozi," anatero Lachlan, akuwasunthira mpando pamthunzi.

"Chala chatani?"

"Chili pa kachitsulo. Chigone m'mbali mwa mfuti."

"Kachitsulo kati? Ndi pulasitiki yokhayokha iyi!"

"Lamulo likuti mfuti iliyonse ili ndi chipolopolo."

"Ndi iyi yomwe?"

"Silinanene kuti kupatula yabuluu."

Ntchentche inatera pamphuno pa a Merv. Anaiingitsa ndi dzanja lomwelo la mfuti.

"Mwandiwombera pamimba," anatero Lachlan modekha.

"Aa! Ndimaingitsa ntchentche!"

"Ntchentche yapulumuka. Ine ndi amene ndafa."

"Maliro olongolola chonchi sindinawaonepo. Mwana wanga anaona chiyani mwa inu kodi?"

"Amati ndine wosamala. Mwawomberanso ketulo."

"Ketulo!"

"Ndi galu wanu uyo pansi pa galimoto. Dzanja lamanzere lilipo, apongozi, la ntchentche."

A Merv anapumira m'mwamba, n'kuigwetsa mfutiyo patebulo, phu!

"Nayo. Ndamaliza. Ndakhoza?"

"Simunaitsegule kundionetsa kuti mulibe chipolopolo."

Anaitola, naikoka uku ndi uku mpaka mitsempha kutuluka m'khosi.

"Siitseguka! Anachita kuumba!"

"Ndiye kuti chipolopolo chikadalimo."

"Mulowe inuyo mukachione!"

"Sindingakwanemo, apongozi."

Lachlan anawathirira tiyi, shuga wake monga amakondera. A Merv sanamuyang'ane n'komwe tiyiyo. Kenaka maso awo anawala.

"Imani kaye, akamwini. Mukuti ili ndi chipolopolo?"

"Ee."

"Ndithu ndithu?"

"Lamulo likutero."

"Nanga anandipatsa ndani mfutiyi m'mawa uno?"

"Ine."

"Munaitsegula? Munandionetsa kuti ndi yopanda kanthu musanandipatse?"

Lachlan anapukusa mutu.

"Ehe!" A Merv anamenya tebulo. "Woyesa wathunthu, kupatsa nkhalamba mfuti yodzaza! Pamaso pa galu! Chilango chake n'chiyani, aphunzitsi?"

"Kuchotsedwa pomwepo," anayankha Lachlan motsitsa mawu.

"Sindinamve, makutu anatha ndi mfuti zenizeni awa."

"Kuchotsedwa pomwepo. Mwanena zoona, apongozi. Zikomo pondidzudzula."

Anavula chijekete chofiira cha oyang'anira, nachipinda bwinobwino, n'kuchiika pampando. A Merv anaseka mpaka kutsokomola, ndipo tiyi uja tsopano anamumwa.

"Basitu, zatha. Kauzeni a komiti kuti Merv wakhoza, tizipita."

"Sindingathe."

"Bwanji?"

"Wochotsedwa sayesa munthu."

"Ndiye andiyese wina!"

"Woyesa winayo, mayi Noeline, ali ku Brisbane, akudwazika mchemwali wawo. Abwera mwezi wamawa."

"Mpikisano ndi Loweruka lino!"

"Ndikudziwa. Tidzakhalira limodzi pa benchi. Ndidzakusungirani malo a pamthunzi."

A Merv anayang'ana chijekete, anayang'ana mkamwini. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono, nanyamula chijeketecho ndi manja awiri.

"Lachie, mwana wanga, valani. Palibe amene waona."

"Mwaona ndinu, apongozi."

"Ine? Maso angawa? Ine ndangoona mnyamata wabwino akupatsa apongozi ake chidole."