Galimoto imene alamu anga anaitaya pa Chelstone

Okondedwa mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu, makamaka inu amayi amene munavalapo zakuda. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinaferedwa mwamuna, n'kulandidwa katundu, ndipo ndinatsala pang'ono kulandidwanso ana anga atatu.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene tinkaima pamzere osadziwa ngati kutsogoloko kuli sopo kapena mchere. Tinkakhala ku Kabwata. Mwamuna wanga, bambo a Tisa, anali ndi kavani kakale konyamulira tomato ndi kabichi wa amayi a pamsika. Galimotoyo inali ndi nthenda imodzi: inkamwa madzi ngati ng'ombe m'chilimwe. Paliponse pamene yaima inkasiya kachithaphwi. Zitsulo zatsopano zinali zosowa m'masitolo, choncho bambowo ankaswera dzira laliwisi mu lediyeta kuti likapsa litseke chiboo. Ine ndinkakalipa, poti ana ankadya ndiwo zopanda mafuta galimoto ikudya mazira. Ndinapemphera kambirimbiri kuti Mulungu aletse kudonthako, koma sanaletse.

Bambo a Tisa atayamba kudwala anandiphunzitsa kuyendetsa, ndipo mvula isanagwe anatisiya. Maliro atangotha, abale awo ochokera ku Katete anayamba kugawana katundu ine ndikadali pamphasa. Anatenga bedi, wailesi, makina anga osokera, ngakhale mapoto. Alamu anga aakulu, a Yobe, anatenga makiyi a galimoto. Ponyamuka anati, "Mlamu, tidzabweranso pa Khirisimasi. Tikadzapeza ana akuvutika, tidzawatenga tikawagawane kumudzi."

Galimotoyo sinapite patali. Itafika pa Chelstone inawira, nthunzi n'kutuluka kuboneti, basi n'kuima. Munthu wina wa pamsewu anangosuzumira n'kuwauza kuti injini yapsa. A Yobe anasamutsira katundu mu lole, ndipo anatumiza mawu kwa akulu a mpingo wathu kuti andiuze ndikatenge chitsulo changa, iwo alibe nacho ntchito. Abale a mumpingo anaikoka ndi chingwe mpaka pakhomo panga.

Masiku amene anatsatira sindifuna ngakhale mdani wanga awaone. Tinkagona pa makatoni. Tisa, mwana wanga woyamba, anasiya kufunsa za chakudya, ndipo kukhala chete kwakeko kunkandilasa kuposa kulira kwa wamng'ono. Khirisimasi inkayandikira, ine ndilibe chowaonetsa a Yobe. Ndinkati ndikayang'ana galimoto yakufayo mtima unkandiwawa, ndipo ndinkadana nayo. Tsiku lina ndinagwada pasimenti pamene panali bedi, ndikuti, "Ambuye, mwamuna mwatenga, mwandisiyira chitsulo. Kodi ana anganso muwapereka?" Sindinamve yankho lililonse. Ndinadzuka n'kutsimikiza kuti ndiigulitse kwa ophwasula magalimoto.

Amene anabwera anali a Mulenga, Mbemba wa ku Kamwala amene ankagula magalimoto akufa n'kumagulitsa zitsulo zake. Sindinkawadziwa ndipo sanali a mpingo wathu. Ndinkayembekeza kuti angotchula mtengo, koma iwo anatsegula boneti. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kundionetsa kuti ndi wakuda bwinobwino, sanasanduke ngati tiyi wamkaka, kutanthauza kuti madzi sanalowe mu injini. Anathira madzi, tinakankha, galimoto inalira. Kumbuyo sikunatuluke utsi woyera. Anafinya mapaipi a labala, anali ouma. Kenaka anayala katoni pansi, ndipo madontho onse anagwera malo amodzi, kunsi kwa lediyeta, kumene kunali mizere ya dzimbiri.

Anapukuta manja nati, "Ba mayo, nindani anakuuzani ati injini yafa? Ili che bwino iyi. Ni lediyeta chabe yaola. Nikagula monga sikilapu ninshi nakubelani." Kenaka anawonjezera motsitsa mawu: "Na ise batate batafa, banatipoka vonse." Nditamva kuti nawonso analandidwapo katundu, ndinalira pamaso pa mlendo, osachita manyazi.

Anaimasula lediyetayo, natseka pakamwa pake, naimiza m'diramu la madzi n'kupopamo mpweya ndi pampu ya njinga. Thovu linatuluka ponseponse. Sinali yoti n'kuwotcherera, inafunika ina. M'mawa mwake tinainyamula kupita nayo kuseri kwa masitolo a ku Kamwala, kumene ankagulitsa zitsulo zakale. Maso anga anagwera pa ina yakuda yonyezimira. A Mulenga anaikanda ndi msomali, ndipo pansi pa penti panatuluka sopo womatidwa m'ming'alu. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ina anaikana chifukwa inali yolemera ndi matope, inanso chifukwa pakamwa pa mapaipi panali mbali yolakwika. Anasankha yosaoneka bwino, yochokera m'galimoto yogundidwa kumbuyo. Anaiyeza ndi chingwe kuti ifanane ndi yathu, anathira madzi pamwamba n'kutuluka pansi mwamphamvu ali oyera, ndipo m'diramu sinatulutse thovu. Wogulitsa analandira mkuwa wa yakale ija ngati gawo la mtengo, ndalama zotsalazo anandithandiza amayi a chigwirizano cha kumpingo.

Asanaimange anatsuka injini mpaka zinyenyeswa za mazira a malemu zinatha kutuluka, naikanso chivundikiro china. Anandiuza akuseka kuti, "Ba mayo, mazila ni ya bana." Malipiro anakana.

Ndinayamba kunyamula katundu wa amayi a pamsika monga ankachitira mwamuna wanga. Ena ankaseka kuona mayi wa zakuda pachiwongolero, koma tomato wawo ankafika. Bedi sindinagule msanga, ndipo makina anga osokera sindinawaonenso mpaka lero.

A Yobe anabweradi pa Khirisimasi. Anapeza ana akudya, galimoto ili pakhomo, pansi pake pali pouma. Anaizungulira, kenaka anafunsa makiyi. Ine ndinati, "Alamu, munanena nokha kwa akulu a mpingo kuti ichi ndi chitsulo changa. Ndiwaitane?" Anabwerera ku Katete okha.

Abale anga, Mulungu akanamva pemphero langa lija n'kutseka chiboocho bambo a Tisa ali moyo, galimoto ikanafika ku Katete, ndipo ana anga akanaitsatira. Ndikumuthokoza chifukwa cha a Mulenga, ndi chifukwa cha pemphero limene anandikaniza. Inu amene mwatopa kupempherera chinthu chimene sichikusintha, musaleke kugwada, ngakhale pasimenti. Ine ana anga onse atatu anakulira m'manja mwanga. Dzina la Ambuye litamandike. Ameni.