Supu wa ku Italiya wa amalume a Makina

Tsiku limene amalume a Makina anati abwera kudzagamula kuti dimba la kumtsinje alipereka kwa mkamwini uti, Eneya analowa m'khitchini ya mkazi wake Mervis pa Nkhulambe atanyamula jumbo, mtima uli padimbalo. Nkhuku ya mlendo inali itawira kale mumpoto.

"Mayi a Chance, tasunthani. Lero amalume adya supu wa ku Italiya."

Mervis anasuntha ndi kampando kake komwe. "Wafika liti?"

"Ndani?"

"Supuyo."

"Sanafike, timuphika pompano! Ndinamuona pa foni ya Steve ku Chiringa, pa shopu yotchajira mafoni paja. Amaphika ndi mayi wina wonenepa, mikono ngati minsi."

"Amati chiyani mayiyo?"

"Foniyo sipika yake inafa. Koma maso ndili nawo."

"Anadyera chiyani supuyo?"

"Bandulo inatha asanapakule. Musandisokoneze." Eneya anapinda manja a malaya. "Akamwini onse a mbumba ino amawaphikira amalume nkhuku imodzimodzi: tomato, anyezi, mchere. Ine ndikufuna akalawa anene kuti uyu yekha ndiye ali ndi mutu, mpatseni dimba. Tsono inu lero muchite zimene ndanena, muyankhe zimene ndafunsa. Zina ayi. Mwamva?"

"Ndamva."

"Vuulani nkhukuyo. Muinyotsole tizidutswa ting'onoting'ono. Nyama kwake, mafupa kwake."

"Yonse?"

"Yonse."

"Ndi nthutumba yomwe?"

"Kodi nthutumba si nkhuku?"

"Ndi nkhuku."

"Ndiye?"

Mervis ananyotsola. Miyendo inasanduka ulusi, mapiko anasowa, nthutumba anaidula mpaka kukhala ngati mapira. Eneya anali atagwada, akuuzira moto, utsi ukumuliza.

"Mafupa ndiike pati?"

"Mayi uja mafupa sanawasunge. Ikani panja."

Mervis anatuluka, nawaika panja pa khomo penipeni, nabwerera kudzakhala.

"Tsopano adyo, anyezi, karoti. Zili mujumbomo. Kenaka anathira masamba obiriwira."

"Masamba anji?"

"Obiriwira."

"A fodya nawonso ndi obiriwira."

"Aa, inu! Thyolani bonongwe kuseriko."

"Ku Italiya kuli bonongwe?"

"Bonongwe alibe pasipoti, amamera paliponse. Fulumirani."

Bonongwe anabwera. Eneya anatseka maso, kuyesa kukumbukira vidiyo ija.

"Kenaka munali timibulu toyera, tofewa, toyandama pamwamba. Chija chinali chinangwa, sindikukayika. Phikani chinangwa, musinje, muumbe timibulu."

"Tokula bwanji?"

Eneya anaonetsa ndi zala.

"Ngati manyi a mbuzi?"

"Musatchule zimenezo pa chakudya cha amalume!"

"Ndimangofuna muyeso."

"Chabwino, eya. Ngati amenewo."

"Mbuzi yaikulu kapena kamwana?"

"Yapakatikati!"

Mervis anaumba timibulu mosamala, akukaika kalikonse pachikhatho n'kukayang'anitsitsa ngati akuyerekeza ndi zimene anaziona m'khola mmawa. Eneya anatembenukira kukhoma kuti asaone.

"Zitatero," anatero akusonkhezera nkhuni, "anatenga chinthu cholimba, chachikasu, ngati sopo wochapira uja, n'kuchipalira mumpoto."

Kumbuyo kwake kunamveka mapazi kutuluka ndi kubwerera. Atacheuka anapeza Mervis ataweramira mpoto, dzanja lina mpeni, lina sopo.

"Mukutani?"

"Ndikupala."

"Ndati ngati sopo! Sindinati sopo!"

"Nanga n'chiyani?"

"Steve akuti ndi tchizi."

"Tili naye?"

"Tilibe."

"Sopo tili naye."

"Kabwezeni komwe mwamutenga! Mukufuna amalume azituluka thovu m'kamwa pogamula mlandu?"

Eneya anaponyamo majarini m'malo mwa tchizi. Kenaka anatulutsa mujumbo timapaketi ta mkaka wa ufa, natisungunula m'kapu, nathira mumpoto mwaulemu ngati wansembe. Msuzi unayera mbee. Timibulu tinayamba kuyandama, bonongwe akusambira pakati. Fungo silinali loipa ayi, ndipo Eneya anamva dimba lija likuyandikira: tomato wake, mpiru wake, madzi chaka chonse.

Mervis anayang'ana mumpoto, nayang'ana mwamuna wake, nayang'ananso mumpoto.

"Mukundiyang'aniranji choncho?"

"Mwafunsa?"

"Ndafunsa."

"Ndikuganiza za a Frank, amuna a achemwali anga."

"A Frank atani?"

"Chaka chija amalume amagawa munda wa kudambo, a Frank anawaphera nkhuku. Amalume anavundukula mbale n'kuyamba kuona ndi chala: mwendo uwu, mwendo uwu, phiko ili, phiko ili, msana, khosi. Nthutumba panalibe. Inagwera pamoto pokazinga."

"Ndiye?"

"Anavundikira mbale. Anati mkamwini amene amabisa nthutumba ya mlendo, mawa adzabisa malire a munda. Anakwera njinga."

"Munda uja?"

"Anapatsa ena. A Frank akulimabe kuphiri kuja, pamiyala. Khasu amagula chaka ndi chaka."

Eneya anaseka, koma kuseka kwake kunatuluka kowonda. "Zimenezo ndi za nkhuku ya kuno. Ya ku Italiya sawerenga."

"Amalume akudziwa?"

"Tiwauza."

"Chabwino. Akafunsa mwendo ndiloze pati?"

"Muwauze kuti uli momwemo."

"Akafunsa nthutumba?"

"Ili momwemo!"

"Akati ndiwaonetse?"

Eneya anatenga chipande, navundula. Panatuluka kaulusi ka nyama, kambulu ka chinangwa ndi tsamba la bonongwe. Anavundulanso. Zomwezo. Anapita pakhomo kuti apumeko mphepo, ndipo patali, kutsidya kwa munda wa nandolo, anaona chipewa chimene mudzi wonse umachidziwa, mwini wake akukankha njinga pang'onopang'ono pamchenga.

Anabwerera m'khitchini msangamsanga.

"Mervis."

"Ee?"

"Iwe, Mervis. Ndani anakuuza kuti unyotsole nkhuku ya amalume?"

"Inu."

"Ndipo iwe n'kuvomera? Munthu wobadwira m'mbumba muno? Amalume aona madzi oyerawa anena kuti nyama tadya tokha, iwo tawapatsa zotsukira mbale!"

"Munati ku Italiya..."

"Italiya wa chiyani? Unafikako ku Italiya iwe? Kuno ndi ku Nkhulambe! Tsanula msuziwo, msanga. Usaoneke."

"Ndithire kuti?"

"Kulikonse! Patsa galu!"

Mervis anatsanula msuzi wonse m'chibade cha Sajeni, galu wawo, nabwera ndi mpoto wa nyama, timibulu ndi bonongwe basi.

"Tsopano tenga mafupa aja. Tiimanganso."

"Timange chiyani?"

"Nkhuku! Inali nkhuku, ikhalanso nkhuku."

Mervis anabweretsa mafupa m'mbale. Eneya anawayala pa lichero ngati munthu wokonza wailesi imene waiphwasula yekha.

"Khosi ili. Msana uwu. Phiko, phiko. Mwendo... Mwendo winawo uli kuti?"

"Uli ndi Sajeni."

"Unamupatsa?"

"Ayi. Munati ndiike panja. Sajeni amakhala panja."

"Kamulande!"

Mervis anatuluka, nabwerera manja ali lende. "Wameza. Panopa akumwa supu. Akuoneka kuti wamukonda."

"Sindinafunse maganizo a galu! Chabwino, tinena kuti nkhukuyi inali ya mwendo umodzi. Inalumidwa ndi vumbwe."

"Sinalumidwe."

"Ndikudziwa kuti sinalumidwe!"

"Amalume anaiona mwezi watha ikuthamanga. Anaiyamikira."

"Ndiye yalumidwa dzana."

"Dzana inakwera mtengo wa mango."

"Mervis, kodi uli mbali yanga kapena ya vumbwe? Bweretsa kamtengo. Tipanga mwendo."

"Kamtengo kanji?"

"Kokhala ngati fupa!"

"Ngati fupa, kapena fupa?"

"Kamtengo! Ka nandolo! Ndi ulusi wa thumba la feteleza!"

Anayamba ntchito. Eneya amakanikiza nyama yonyotsola pa fupa, Mervis n'kukulunga ndi ulusi. Nyama imaterereka, bonongwe amatulukira m'mbali. Phiko lina linatuluka lalikulu kuposa ntchafu.

"Ili ndi phiko kapena mwendo?" anafunsa Mervis.

"Zidalira amalume ayambira kuti kuwerenga. Manga!"

"Ulusiwu akauona?"

"Ndi mitsempha. Nkhuku yachikuda imakhala ndi mitsempha."

"Yabuluu?"

"Sankha woyera! Ndi nthutumba, tipanga bwanji nthutumba?" Anagwira mutu. Maso ake anagwa pa timibulu ta chinangwa totsalira mumpoto. Anatenga tingapo, natiphatikiza, nakanikiza pakati ndi chala. "Iyi. Uikazinge mpaka ide, iume gwa. Zonsezi ukazinge kwambiri kuti zigwirane. Ziume ngati chikopa. Tomato pamwamba, wambiri, abise manyazi."

Mafuta analira. Nkhuku yatsopano inagona mumpoto, yofiira, yolimba, mwendo wina wowongoka mopitirira. Eneya anaigogoda ndi chipande, ndipo inamveka ngati chitseko. Anapumira m'mwamba.

"Ukuona? Nkhuku ya mwambo. Munthu wamkulu amafuna chotafuna, chogwira m'manja. Za mkaka zija ndi za makanda ndi agalu. Ndikadzamuona Steve ndidzamuuza kuti foni yake aiponye m'chimbudzi."

Panja panalira belu la njinga. Kenaka mawu, ofewa, onyowa, ngati a munthu amene wavumata phala.

"Ofi! Ofi kuno! Muli m'nyumba, afukulu anga?"

Mervis anasuzumira. "Odini, amalume! Khalani pamkekapo, tikubwera!"

Eneya anatcherera khutu. "Amenewo ndi amalume?"

"Ndi iwowo."

"Bwanji akulankhula ngati adya mbatata yotentha?"

"Mwafunsa?"

"Ndafunsa!"

"Alibe mano."

"Alibe chiyani?"

"Mano. Anatsala ochepa, ogwedera, amawapweteka usiku ndi usana. Anakawazulitsa kuchipatala. Nkhama sizinapole."

Eneya anayang'ana mumpoto. Nthutumba ya chinangwa inamuyang'ananso, yakuda ngati mwala wa mumtsinje.

"Unadziwa liti?"

"Dzulo. Anatuma uthenga kwa amayi. Anati nyama sangatafune, chimanga ayi, ngakhale nthochi akuti ikuwavuta. Anati aliyense amene akawalandire awakonzere chofewa, chongomwa. Akuti kwa akamwini enawo akungowapatsa mafupa, akubwerako ndi njala, ndipo atopa nazo."

"Chongomwa."

"Ee."

"Chofewa."

"Ee. Anati makamaka chokhala ndi mkaka, chifukwa adokotala anatero."

"Ndiye bwanji sunandiuze?"

"Munati ndiyankhe zimene mwafunsa. Za mano simunafunse."

"Nanga nkhani ya Frank ija? Kuwerenga miyendo, nthutumba, kukwera njinga?"

"N'zoona zonse."

"Ndiye?"

"Nthawi imeneyo anali ndi mano."

Eneya anathamangira pakhomo lakuseri. Sajeni anali atagona chagada pafupi ndi chibade chonyambitidwa bwino, mimba ili tuu, ndevu zoyera ndi mkaka. Anagwedeza mchira kamodzi, mothokoza.

"Afukulu!" mawu aja anamvekanso. "Kukununkhiratu bwino kuno! Kodi ndi mkaka umenewo?"

Eneya anabwerera m'khitchini mwakachetechete, natseka chitseko, nagwada pafupi ndi mkazi wake.

"Mayi a Chance," ananong'ona, ulemu utabwerera wonse. "Mkaka uja watsalako?"

"Watsala."

"Adyo?"

"Alipo."

"Ndiye masulani nkhukuyo. Tikubwerera ku Italiya."