Chitseko cha Miyezi Itatu

Ndagi, inu owerenga: amalonjeza kubwera Lachisanu lililonse, koma Lachisanu lakelo limatha miyezi itatu lisanafike. Ndani ameneyo? Ngati wakukanikani, tamvani zomwe makutu angawa anatola pa siteji ya basi. Mayi wina ankakalipira foni yake, bambo wa tayi akusuzumira.

"Wakulakwirani ndani, mayi?" anafunsa bamboyo.

"Wojambula nthano ya makatuni iyi. Anasiya mtsikana atagwira chitseko, ife mitima m'mwamba. Miyezi itatu, dzanja osatopa?"

"Luso silifuna phuma."

"Luso lake liti? Anthu onse nkhope imodzi, mkwatibwi ndi apongozi ake aamuna kusiyana ndevu zokha. Akati wabwera, tsamba lonse kupepesa basi."

"Lankhulani bwino. Wojambulayo ndine."

"Inuyo?"

"Ndi manja awiriwa. Ndipatseni nambala yanu, muziona gawo lililonse anzanu asanalione."

"Ndiuzeni kaye, kuseri kwa chitsekocho kuli ndani?"

"Chinsinsi cha ntchito. Nambala kaye."

Foni ija inalira. Mayi uja anawerenga, kenaka n'kuyang'ana mimba ya bamboyo.

"Gawo latsopano latuluka pompano, chonsecho manja anu ali m'thumba."

"Ndinalitchera m'mawa kuti lituluke lokha."

"Chabwino. Mwalembanso kuti, 'Pepani pochedwa, ndinali woyembekezera. Sabata yatha ndabereka mapasa.' Mwachira msanga, make mapasa. Akuyamwa bwino?"

Siteji yonse inafa nacho chiseko. Bambo uja anakwera basi yoyamba kufika, osafunsa n'komwe kumene ikupita.