Tisheti pa Mzere wa Kuchimbudzi

Pa siteshoni ina ya sitima ku Yorkshire, m'dziko la England, mzere wa kuchimbudzi cha azimayi unafika mpaka pogulitsira khofi. Philippa anali kumapeto, atapanikiza miyendo. Tisheti yake inalembedwa kuti: "Mkazi amabadwa ali mkazi, sachita kusankha. Zimbudzi zathu n'zathu." Mayi wachikulire amene anali patsogolo pake anacheuka.

"Mwanawe, mmene ukuviniramu sufika. Kwa azibamboko kulibe munthu. Ifetu zikavuta timangolowa konko n'kupepesa."

"Sindingatero, mayi. Mwawerenga pachifuwapa?"

"Ine ndawerenga. Kaya chikhodzodzo chakocho."

"Musaseke. Tisheti imeneyi inandidanitsa ndi anzanga. Ndaguba nayo mpaka ku London."

"Mwalimbana ndithu pa nkhani ya amene angalowe. Koma zitseko zidakali ziwiri zomwe zija, china n'chowonongeka. Tisheti ya zimenezo simunasindikize?"

"Mfundo ndi mfundo basi."

"Chabwino. Kutsogoloku kuli azimayi a ana, sathamangatu amenewo."

Philippa anayang'ana mzere uja, kenako khomo la azibambo.

"Mayi, jekete lanulo lili ndi zipi?"

"Mpaka m'khosi."

"Tandibwerekani. Muime pakhomo, akabwera mwamuna adikire."

"Akafunsa kuti m'katimo muli ndani, ndinene kuti lero wasankha kukhala chiyani?"