Kodi Achimwene Anagwetsa Ndani?

Olemekezeka mkulu wa koleji ino. Olemekezeka wapampando wa khonsolo ya koleji pamodzi ndi anzanu amene mwakhala kutsogolo kuno. Aphunzitsi nonse, amene ndauzidwa kuti ambiri ndinu madokotala ngakhale simubaya jakisoni. Mtsogoleri wa bungwe la ophunzira. Ophunzira nonse, ndi inu amene mwaima m'mazenera. Amayi ndi abambo, ndikupatsani moni nonse mwaulemu.

Ndaona nkhope zanu pamene ndimakwera pano ndi yunifolomu yanga ya kusekondale. Ena mumayang'ana kumbuyo kwanga kuti mlendo weniweni atulukira. Inenso ndinacheuka. Kulibe wina, ndine ndemwe.

Mayi mlembi wa koleji atabwera kusukulu kwathu anandifotokozera chonchi. Aphunzitsi anasankha munthu woti adzatsegule holo ya mtsutsoyi, ophunzira n'kukana, amvekere ameneyo ndi wa chipani chakuti. Ophunzira anasankha wawo, khonsolo n'kukana, amvekere ameneyonso ndi wa chipani china chija. Mapeto ake wina anakumbukira kuti mnyamata amene anapambana mpikisano wa chimangirizo cha ufulu wolankhula sanayambe n'kuvota komwe. Choncho ndikuthokoza kwambiri pondisankha, ngakhale zikuoneka kuti mwandisankha chifukwa sindine aliyense.

Kusukulu amanditchula kuti Ziii, popeza nthawi yopuma ndimakhala ndekha kuseri kwa laibulale kumangoyang'ana anthu. Aphunzitsi athu atamva kuti ndikalankhula pagulu anaseka mpaka choko chinawagwa.

Mayi mlembi anandiuza kuti, "Ukalankhule momasuka, mwana wanga, koma za ndale ayi." Ndinafunsa kuti za ndalezo ndi ziti. Iwo anati, "Udzazizindikira ukaziona." Ndinalemba mawu anga, iwo anapita nawo ku ofesi, ndipo anabwerako ndi chidindo, mizere ina itafufutidwa. Mawu ovomerezekawo ndikanawawerenga lero, koma ali m'chikwama changa, ndipo chikwamacho chili kunja kwa geti. Ndiloleni ndifotokoze.

Olemekezeka, liwu loti ndale ine ndinaliphunzira pabwalo la mpira. Mnzako akuthamanga, iwe n'kuponya mwendo patsogolo pake, iye khu pansi, mawondo kusupuka. Kumeneko ndiko kutchera ndale kumene ndimakudziwa. Chaka chatha achimwene anga, amene ankaphunzira zamalamulo pakoleji pano, anafika kunyumba pakati pa teremu atanyamula matiresi pamutu. Amayi anasiya makina osokera akulira okha, n'kufunsa kuti kwagwanji. Achimwene anati, "Andiimitsa sukulu. Akuti ndimachita ndale." Ine ndinafunsa kuti, "Ndiye mwagwetsa ndani? Wavulala?" Panalibe amene anaseka.

Pambuyo pake ndinamva nkhani yonse. Kunabwera mkulu wina wa boma kudzalankhula ndi ophunzira, ndipo koleji inali itangoika lamulo loti funso lililonse lizilembedwa ndi kudutsa kaye ku ofesi. Achimwene anaimirira osalemba kanthu, nati, "Bwana, kodi funso lofuna kudziwa chifukwa chake mafunso akudutsa ku ofesi, nalonso lidutse ku ofesi?" Anthu anawomba m'manja, mlendo uja ananyamuka osatsanzika, ndipo sabata isanathe achimwene anali kunyumba. Masiku ano amajambula mapepala pashopu ya amalume, ndipo ambiri mwa inu mumawapatsa manotsi anu n'kumawauza kuti, "Loya, fulumira, tili ndi kalasi."

Ine mpaka lero mutu sunagwire. Ndakhala ndikufufuza amene anagwa tsiku limenelo, ndipo amene ndamupeza ali pansi ndi achimwene okha. Ngati ndale ndi kugwetsa munthu, ndiye anatchera ndani? Ngati ndale ndi kufunsa funso, ndiye holo yokongolayi, ya mipando yofewa ndi zimkuzamawu ziwiri zoyang'anizana, mwaimangira chiyani? Sindikufunsa mwachipongwe. Ndikufunsa chifukwa chaka chamawa ndikufuna kudzaphunzira kuno, ndipo ndikufuna kudziwiratu ngati matiresi ndidzagule opepuka.

Mukusekatu, koma amayi anafunsadi zimenezo.

M'mawa uno achimwene anandiperekeza atandinyamulira chikwama. Pageti alonda anawazindikira, nati, "Loya, ukudziwa kale, ine ndi wantchito chabe." Achimwene anati, "Madala, ndaperekeza mlendo wolemekezeka." Alonda anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, nati, "Uyuyu?" Nthawi yomweyo mayi mlembi anatulukira akuthamanga, n'kundikoka dzanja kuti tachedwa. Chikwama chinatsala ndi achimwene, pamodzi ndi mawu achidindo aja.

Tsono sindikudziwa ngati zimene ndalankhulazi ndi ndale. Mayi mlembi anati ndidzazizindikira ndikaziona, koma ndayang'ana ponseponse, ndipo ndikungoona anthu atakhala pamipando, palibe amene wagwa. Ngati ndalakwa, olemekezeka mkulu wa koleji, mawu ovomerezeka alipo. Ali pageti, ndipo amene angawabweretse ndi amene wawanyamula.

Ndikuona mwagwedeza mutu, bwana, koma sindikudziwa ngati ndi kuvomera kapena kukana. A wapampando akukunong'onezani. Ndidikira, kudikira ndimatha.

Aa, mwatuma munthu. Zikomo. Ophunzira, chonde khalani pansi, mungagwetsane zenizeni.

Ndinauzidwa kuti ntchito ya mlendo wolemekezeka ndi imodzi yokha: akanena kuti chinthu chatsegulidwa, ndiye kuti chatsegulidwa, palibenso kudutsa ku ofesi. Sindikudziwa ngati mphamvu imeneyi imafika mpaka mawa, kapena imatha ndikangovula duwa ili pachifuwa. Koma pakadali pano ndikadali nayo.

Achimwene, lowani, musaime pakhomo. Chikwamacho ingochigwirani, sindichifunanso. Chimkuzamawu chachiwiricho chilibe munthu, ndipo funso lanu lija silinayankhidwe.

Olemekezeka nonse, amayi ndi abambo, mwa ulemu umene mwandibwereka lero, ndikulengeza kuti holo ya mtsutso ino yatsegulidwa, ndipo woyamba kufunsa wafika kale.

Zikomo kwambiri.