Foni ya ku Katete

Pa siteji ya ku Chowa, chaka chimene mgodi unatsekedwa, bambo wina anafungatira chitini chodzaza mawaya. Mayi amene anakhala naye pa benchi anangochiyang'ana cham'mbali.

"Iyi ni foni yopanda nthambo, amayi. Napanga neka. Ninali wa malaiti ku mgodi."

"Munaiona kuti, atate?"

"Mu filimu. Munthu ali kumwezi, akamba na mkazi wake pansi pano. Ninati, nanga Katete ni patali kupambana mwezi?"

"Ku Katete kuli ndani?"

"Amake Ezra, akazi anga. Anapita nchito itatha. Sanabwelele."

"Manje imveka mpaka kuti?"

"Pakali pano, kuchoka ku khichini kufika pa mtengo wa mango."

"Ikazafika ku Katete, muzawauza chani?"

"Icho, amayi, nikalibe kupanga."